Mpango wa Shefali Apa

M'mawa uliwonse, asanalize njinga yawo yamoto, Shefali Apa ankaponyera mpango wawo wa m'khosi kumsana, nsonga zonse ziwiri, kuti uziuluzika akamathamanga. Tonse m'mudzi tinkawatchula Apa, kutanthauza achemwali, powalemekeza. Ntchito yawo inali yobaya katemera ng'ombe ndi mbuzi, ndipo m'mudzi mwathu ndi iwo mkazi woyamba kuyendetsa njinga. Amuna ankawaseka. Koma zaka zitapita osagwa, makolo anayamba kutigulira njinga zakapalasa zopitira kusekondale, kutsidya kwa minda ya mpunga.

Atsikana tonse tinkaponya mipango ngati iwo. Ine ndinkatero ndikafika pomwe palibe anthu.

Tsiku lina mpango wa mng'ono wanga Moyna unakoledwa m'masipoko a tayala lakumbuyo. Unamukoka khosi, nagwera mungalande. Anafika kunyumba khosi litasupuka, mawu atasasa. Abba, bambo athu, anamanga njinga zathu ziwiri ndi tcheni n'kukhoma loko.

"Sukulu yathera pompa," anatero.

Madzulo Shefali Apa anabwera wapansi, navula nsapato pakhomo.

"Chacha, ndabwera kudzamuona mwana," anauza Abba. Kwathu bambo aliyense wamkulu timamutchula Chacha.

"Muoneni, ndi ntchito yanu imeneyo," anayankha Abba. "Amafuna kuuluka ngati inuyo."

"Kuuluka ine, ndi thupi ili?"

Palibe anaseka. Shefali Apa anayang'ana khosi la Moyna nthawi yaitali, kenako anavula mpango wawo n'kuuyala pamkeka. Unali waufupi, wongolekeza m'chiuno. Anatenga wa Moyna, wong'ambika uja, n'kuuyala pambali pake. Unapitirira ndi mkono wathunthu.

"Wangawu ndinaudula tsiku lomwe ndinagula njinga," anatero. "Sufika pa tayala."

"Apa, ndiye bwanji simunatiuze?" Moyna anafunsa ndi mawu ake osasawo.

"Sindimadziwa kuti mumayang'ana kumsana kwanga, mbuli iwe. Ndimayesa mumasirira njinga." Anatembenukira kwa Abba. "Wolakwa ndine, Chacha. Ndimadutsa pakati pa ana tsiku lililonse ngati ndili ndekha. Musalange sukulu."

Abba anangosisita ndevu. Ine ndinkangoganiza za mayeso anga omwe anali atayandikira. Amma, mayi athu, analowa m'nyumba, natuluka ndi sizasi ndi mpango wanga watsopano.

"Nsalu yabwinobwino imeneyo!" Abba anadandaula.

Amma anadula. Abba anayang'ana chidutswa chomwe chinagwa pansi, anapuma kwambiri, nandiponyera kiyi wa loko. Ndinamuwakha ndi manja onse awiri.

M'mawa mwake tinawapeza Shefali Apa pamlatho, sizasi ili m'manja. Ankaimitsa mtsikana aliyense, kumukhazika pa chishalo, kukokera mpango kumbuyo n'kuona ngati ukufika pa tayala. Ena ankalira ndi nsalu zawo. Dzuwa linakwera adakali pompo.

"Adokotala!" anakuwa bambo wina m'munda. "Mbuzi zanga zikudikira!"

"Mbuzi zanu sizipalasa njinga, Chacha. Zidikire."