Banja la a Claudette Lilowa Kampeni

A Claudette Ouellette anayendetsa basi ya ana a sukulu zaka makumi atatu m'katawuni kena kumpoto kwa dera la New Hampshire. Atapuma pa ntchito anabweza makiyi, koma mawu okhalitsira ana chete aja anapita nawo kunyumba. Akakuitana dzina, ngakhale uli ndi imvi, miyendo inkayamba yokha kufunafuna mpando.

Ankadziwikanso ndi ndale. Zaka zinayi zilizonse, ofuna upulezidenti akayamba kuzungulira m'malesitilanti a m'derali kupempha mavoti a zisankho zachipulula, a Claudette ankasankhapo mmodzi n'kumugwirira ntchito ulere. Anali atasankhapo anthu asanu ndi awiri, ndipo onsewo anagwa chagada.

Chaka chimenecho mtima wawo unagwera a Wendell Prather, bwanamkubwa wa dera lina la kumadzulo, bambo wamtali, wadazi, wolankhula ngati akupepesa maliro. Pa msonkhano wina a Claudette anawafunsa za mabasi a sukulu, bamboyo n'kutulutsa cholembera, kulemba. Basi, zinathera pomwepo.

Chosowa chinali anthu. Mu ofesi ya kampeni munali mipando khumi ndi iwiri, wokhalapo mmodzi. Ndiye pa chikondwerero chothokoza cha mu Novembala, banja litamaliza nkhukundembo, a Claudette anabweretsa chitumbuwa chawo cha nyama ya nkhumba, chimene aliyense ankachidikira chaka chonse. Anachiika pakati pa tebulo, pambali pake pepala ndi cholembera. Mpeni anaugwira okha.

"Wofuna chitumbuwa alembe dzina apa. Masiku awiri pa sabata, mpaka tsiku lovota."

"Amayi, chimenechi ndi chiphuphu," anatero mwana wawo Monique.

"Chiphuphu amachitira kumbali. Ine ndikuchitira poyera. Lemba."

Mng'ono wawo, a Yvette, anapinda manja. "Ine munthu wakoyo sindikumudziwa n'komwe."

"Mwamuna wako woyamba unkamudziwa? Si unakhala naye zaka zisanu ndi zinayi?"

A Yvette analemba. Amuna awo a Claudette, a Armand, amene makina a ku fakitale ya mapepala anawagonthetsa khutu limodzi n'kuwasiyira theka la linalo, sanamve kalikonse. Pepala litawafika anaganiza kuti ndi khadi la munthu wodwala, ndipo pansi pa dzina lawo anawonjezera kuti, "Muchire msanga."

Ntchito inayamba. A Yvette anapatsidwa mayina mazana awiri oti awaimbire foni. Sabata itatha anali atakwanitsa khumi ndi mmodzi, chifukwa aliyense ankayamba wafotokoza za maondo ake, iwonso n'kufotokoza za awo, kenako n'kuwerengerana amene anamwalira chaka chino. Monique anapatsidwa zikwangwani za nkhope ya a Prather, koma nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira, choncho ankangozisomeka m'milu ya chipale chofewa m'mbali mwa msewu. M'mawa galimoto yokankha chipale inkadutsa n'kukolopa a Prather onse kukawaunjika kuseri kwa positi ofesi.

A Armand anawatuma kugogoda m'makomo. Akafika pakhomo n'kuona kuti chipale chatseka njira, ankaiwala chimene abwerera, n'kutsitsa fosholo m'galimoto. Akamaliza, eni nyumba ankawapatsa khofi, iwo n'kukonzanso chitseko cholira kapena mpopi wodontha. Timapepala ta kampeni ankatisiyadi, makamaka kwa okalamba amene ankavutika kuyatsa mbaula.

"Unawauza za a Prather?" a Claudette ankafuula madzulo aliwonse.

"Sanafunse," a Armand ankayankha.

Mu Januwale kunabwera uthenga woti a Prather adzamwa khofi kunyumba kwa a Claudette Loweruka masana ndi kucheza ndi anthu a m'mudzimo. A Claudette anachapa makatani, anapukuta ngakhale pamwamba pa firiji. Koma m'mawa wa tsikulo ng'anjo yotenthetsa m'nyumba, ya m'chipinda cha pansi, inazima. A Armand anaimbira wokonza, a Claudette n'kuthamangira ku sitolo kukatenga madonasi.

A Prather anafika nthawi isanakwane. Owaperekeza anatsalira m'galimoto akulankhula pa mafoni, iwo n'kukagogoda okha. A Armand anatsegula, anaona bambo wamtali wovala jekete lalikulu.

"Mwachedwatu. Tsikirani kuno."

Munthu wopempha mavoti sakana kanthu. A Prather anatsika.

Pamene a Claudette ankabwera, m'chipinda chochezera munali alendo makumi awiri atakhala ndi zipewa zawo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo owaperekeza aja ankasuzumira mpaka m'bafa kufuna bwana wawo. Kenako pansi panamveka kugogoda kwa chitsulo. A Claudette anatsika masitepe, madonasi ali m'manja. Anapeza munthu amene ankamufunira dziko lonse atagona chafufumimba pa simenti, tochi ili m'manja, a Armand atamuimirira pamutu.

"Walitsani apa, osati kumaso kwanga! Kodi ntchitoyi munaiphunzira kuti?"

"Armand! Amenewo ndi a bwanamkubwa!"

"Eya, vuto n'lalikulu ndithu. Koma tatsala pang'ono."

Pomwepo ng'anjo inati phu, moto n'kuyaka. A Prather anadzuka akumwetulira ngati mwana, n'kunena kuti chiyambireni kampeni, chimenechi n'chinthu choyamba chimene chawayendera. Anakwera kukalankhula kwa alendo, mwaye uli bii padazi, ndipo panalibe analimba mtima kuwauza. A Claudette anakhala kumbuyo, manja kumaso, akuonera m'mipata ya zala.

Patangotha masiku awiri anthu a dera la Iowa, amene amayambirira kuvota, anasankha, a Prather n'kukhala omaliza, ndipo m'mawa mwake analengeza kuti asiya mpikisano. A Claudette anamvera pa wailesi akutsuka mbale. Anazimitsa, anakalowa m'galaja, n'kukhala pa bokosi la zikwangwani kwa ola lathunthu. Atatuluka maso ali psuu, anaimbira onse.

"Dzina la a Prather likadali pa pepala lovotera la kwathu kuno. Munadya chitumbuwa changa. Mukavote."

Tsiku lotsatira chisankho, mlembi wa tawuni anaimba foni a Claudette akukazinga mazira. Anati a Prather apeza mavoti khumi ndi anayi. Koma pa mzere wopanda dzina, pamene wovota amaloledwa kulembapo aliyense amene akumufuna, anthu makumi asanu ndi awiri analembapo Armand Ouellette.

A Claudette anakuwira nkhaniyo m'khutu la amuna awo kawiri. A Armand anaika foloko pansi, nkhope itagwa.

"Ndiye kuti tisamuka? Ine ku Washington sindipita, Claudette. Nyanja yaundana bwino ndi kuzizira chaka chino, ndaboola kale mabowo owedzerapo pamwamba pake."

Masana a Yvette anabwera n'kuulula okha, asanafunsidwe, kuti nawonso analemba alamu awo. "Anandikonzera mpopi wa m'bafa. Prather wakoyo anandikonzera chiyani?" A Claudette sanawalankhule mpaka Pasaka.

Koma mavoti makumi asanu ndi awiri si chinthu chotaya. Mu Malichi, pa msonkhano wa pachaka wa tawuni, a Claudette anaimika a Armand pa mpando wa komiti yoona za misewu, ndipo a Armand anadutsa popanda wopikisana nawo. Mawu othokoza anawalembera pa pepala, zilembo zikuluzikulu. A Armand anaimirira, anavala magalasi, n'kuwerenga zonse mokweza monga zinalembedwera: "Ndikuthokoza nonse chifukwa chondikhulupirira. Apa umwetulire. Misewu yathu ili ndi maenje ambiri. Usakande khutu."

Holo yonse inagwa nako kuseka, ndipo anawaombera m'manja ataimirira. A Claudette, amene anali pa mpando wakutsogolo, anaomba nawo, chifukwa anthu ankawayang'ana.