Nyumba Imene a Wallace Anagula Mwaulemu

A Wallace Mhone analondera fakitale ya penti ku Wadeville zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chiimirire pageti mpaka mitsempha ya m'miyendo inatupa ngati zingwe. Zaka zonsezo iwo ndi akazi awo, mayi Gertrude, ankachita lendi m'chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ku Daveyton. Ankafuna chinthu chimodzi basi: khomo lawolawo, aleke kugogoda kwa munthu popempha madzi.

Kenaka kunamveka kuti a Peterson Gondwe, mkulu wa mpingo wawo, akubwerera kumudzi ku Rumphi ndipo akugulitsa nyumba. Anagulitsana ngati mmene timachitira ndi munda kwathu: mboni zitatu, kapepala kolemba pamanja, pemphero, kugwirana chanza. Loya sanamufune. Mayi Gertrude anayesa kuwanong'oneza amuna awo.

"Bambo a Miracle, tafunsaniko za mabilu a kukhonsolo."

"Iwe, ndifunse mkulu wa mpingo ngati ali ndi ngongole? Andiyesa mwana wa ndani?"

Ulemu umenewu ndiwo unawadya. Patatha miyezi iwiri a khonsolo anawadulira magetsi. Ku ofesi ya khonsolo kalaliki anawatembenuzira kompyuta kuti adzionere okha: madzi, zinyalala ndi msonkho wa malo, zaka zisanu ndi chimodzi osalipira.

"Koma si ine ndinamwa madziwo," anatero a Wallace.

"Madala, m'mabuku nyumbayi ikadali ya a Gondwe. Kuti ilembedwe m'dzina lanu, ngongole iyambe yatha."

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. A Wallace anaimbira foni ku Rumphi. A Peterson anayankha kamodzi, nati, "Tiziike m'mapemphero, achimwene." Kuyambira pamenepo nambala sinapezekenso. Mboni zitatu zija zinati zinaona ndalama zikuperekedwa, za mabilu sizinaone. Mpaka lero zimakhala kutsogolo m'tchalitchi, mataye ali pakhosi.

A Wallace sanakuwe, mphamvu zokuwira zinathera pageti paja. Anawerengera malipiro awo, naona kuti sangakwanitse. Anagula malata akale ku Boksburg, namanga chisakasa kuseri kwa nyumba yawo yomwe, m'nyumbamo n'kulowetsa alendi kuti ndalama ya lendi izipita kukhonsolo. Akuti pakatha zaka zinayi ngongole idzatha, miyendo ikalola.

Mpope uli m'khitchini mwa alendiwo. M'mawa uliwonse mayi Gertrude amatenga ndowa, n'kukagogoda.