Chitenje changa cha mvano

Ine chibadwire m'bala sindinalowemo, mpaka pamene ndinabwera ku Nairobi kuno kudzalera mdzukulu. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Upper Hill, ndipo Mulungu amudalitse, amatisunga bwino. Mlongo wake, mzime wanga, anamutsatira kudzaphunzira, koma sukulu itatha mtima wake unagwera pa zisudzo. Iye ndi anzake ankasewera masana a Lamulungu m'kachipinda ka kuseri kwa bala ina ku Lavington, momwe kale ankasungiramo makireti.

Mchemwali wakeyo anali atatopa naye. Anamuuza ine ndili pomwepo kuti, "Zisudzo zakozo zikatha, ukwera basi wakwathu. Sindingamalere makanda awiri, wina wandevu."

Mwini bala nayenso anali atanena kuti anthu akapanda kudzaza Lamulungu limenelo, aikamo kanema wa mpira.

Mnyamatayo anandipeza ndikuchapa matewera.

"Amayi, mubwereko. Mudzangokhala basi, mpando umodzi usaoneke wopanda munthu."

"Iwe, ine wa mvano ndikalowe m'bala? Nanga a kutchalitchi akandiona?"

"Akakuonani ndiye kuti nawonso alowa, amayi."

Ndinamugenda ndi thewera lonyowa, koma ndinapita. Titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi, kuno amati matatu, chitenje cha mvano chili m'chiuno. Pakhomo ndinayamba ndapemphera, ndati Ambuye, mukudziwa chimene ndadzera.

Kachipindako kanali kakang'ono, konunkha mowa wadzulo. Nsanja panalibe, osewera ankadutsa akukhudza mawondo athu. Oonerafe tikanakwana pamkeka umodzi. Ndinkangocheukira kuchitseko, koma sanalowenso wina.

Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, ine kumangotola apa ndi apo. Ndinamva kuti m'seweromo mwana wanga ndi mlonda wodwala amene abwana ake akumukaniza kupita kuchipatala. Koma ankatha, inu! Chifuwa chimene ankatsokomola chinali cha malemu bambo ake chenicheni. Kumapeto anagwa pasimenti, mutu pafupi ndi nsapato zanga, maso ali tong'o. Anzake aja anangomudumpha n'kutuluka.

Ndinkadziwa kuti ndi sewero, sindine mwana. Koma kwathu munthu akatsikira kulichete sitimusiya pamtunda nkhope ili poyera. Ndinadikira kuti wina abwere ndi nsalu. Sanabwere. Ndinangozindikira ndagwada, ndamasula chitenje, ndamutseka maso ndi dzanja, ndamufunditsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Mayi wina wa ku Kenya anandigwira dzanja n'kundipepesa chapansipansi m'Chiswahili, "Pole, mama." Chitenje chija chinkagwedezeka, ine n'kumati mwanayu akundiseka. Nthawi yomweyo kuseri kwa khoma kunabuka chiphokoso, wina wagoletsa chigoli, matebulo akumenyedwa. Kumeneko ndiye kunali anthu.

Atadzuka, maso ake anali ofiira.

"Amayi, mwandiphera sewero," anatero, koma anandikumbatira osafuna kundisiya.

Mwini bala anali munthu waulemu, ndisamunamizire. Anandipatsa soda ndi mpando wabwino, nayamikira kuti sanaonepo zotere. Kenako anamutengera mwana wanga pambali. Zimene ankanena sindinazimve, ndinangoona akuloza khoma, akuyeza ndi manja kukula kwa kanema.

Anzake aja anabalalika, wina akuti akugulitsa mafoni. Mwana wanga anayendayenda m'mabala ena, konse ankamuuza za mpira zomwezo. Mchemwali wake sanabweze mawu, ndipo sindimuda, naye ali ndi banja.

Mnyamatayo anapita kwathu. Ali kwa malume ake, akuthandiza pachigayo. Ndikamuimbira amati ali bwino, koma nthabwala zija zinatha. Ndimathokoza kuti ndinamuonako kamodzi akuchita chimene Mulungu anamupatsa. Koma ndikagwada kuti ndimupempherere, ndimasowa chopempha. Chitenje chija anapita nacho, ndipo sindinamufunse.