Amenmesse ndi Zigamba Zimene Ndinasoka

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi, ine ndi mayi anga tikukhala m'kanyumba ka lendi ku Bordesley Green, mumzinda wa Birmingham ku England, pafupi ndi chipatala chimene mayi ankagwirako ntchito ya unamwino. Teremu imeneyo kusukulu tinkaphunzira za Iguputo wakale. Aphunzitsi athu analemba mayina a mafumu a kumeneko, aja otchedwa Farao, pa timapepala n'kuponya m'chipewa kuti aliyense atole kamodzi, akafufuze, adzafotokozere kalasi. Anzanga anatola mafumu a golide, oti ukangotsegula buku nkhope zawo zili waliwali. Ine ndinatola Amenmesse.

Kulaibulale ndinangopeza kandime kamodzi. Kankati mfumu yakale itamwalira, anthu awiri anaufuna mpando: Seti wachiwiri, mwana wa malemuyo, ndi Amenmesse, amene mpaka lero akatswiri sagwirizana kuti kwenikweni anali mwana wa yani. Amenmesse analamulira zaka zitatu kapena zinayi basi. Seti atapambana, dzina la mnzakeyo linapalidwa pamiyala, pena n'kulembapo la Seti. M'bukumo munali chithunzi cha mwala wokhala ndi kamzere kozungulira, mmene ankalembamo dzina la mfumu, koma mkati mwake munali zipsera za tchizulo zokhazokha. Ndinakwiya. Ndinati anzanga apatsidwa mafumu, ine andipatsa dzenje.

Masiku omwewo kumpingo kwathu kunali kutawira. Tinkapemphera Lamlungu masana mu holo yobwereka ku Oldbury, Amalawi ambiri ndi a ku Zambia pang'ono. Mpingowo anauyambitsa ndi Abusa Mlauzi pabalaza pawo. Iwo atadwala sitiroko, amene ananyamula mpingo anali Bambo Chikuse, munthu wa ku Dedza wogwira ntchito panyumba yosamalira okalamba.

Bambo Chikuse ndinkawadziwa kuposa amalume anga enieni. Tsiku limene ine ndi mayi tinatsika ndege, tisakudziwa ngakhale kokwerera basi, iwo ndiwo anatidikira atanyamula majekete awiri. Chotenthetsera m'nyumba chikafa, ankabwera ndi zitsulo zawo m'jumbo. Ankanditchula kuti a Naphiri, ngati ndine mayi wamkulu. Akazi awo atamwalira, anandipeza tsiku lina ndikulimbana ndi chidole changa chong'ambika, ndikuchimanga ndi mapini. Lamlungu lotsatira anandibweretsera chitini cha mabisiketi chodzaza ndi singano, ulusi wa mitundumitundu ndi kasizasi.

"Izi anasiya mayi anu aja," anatero. "Ine zala zangazi n'za khasu. Inu a Naphiri, mudzasokere anthu zokongola."

Abusa Mlauzi anamwalira osasiya mawu olembedwa. Amene analipo kuchipatala ankati abusawo anasanjika dzanja pamutu pa Bambo Chikuse. Ena, amenenso analipo, ankati dzanjalo linangogwerapo, paja linali lakufa kale. Kwa zaka zitatu nkhaniyo inagona, chifukwa panalibe wina wofuna kutsegula holo, kuyala mipando ndi kuyendera odwala. Kenaka mwana wa malemuwo, amene tonse tinkangoti a Juniya, anafika kuchokera kusukulu ya ubusa ndi masuti onyezimira, n'kunena kuti wabwera kudzatenga mpando wa bambo ake. Mayi ake, amene tinkawatchabe kuti Mayi Busa, anaima naye nji.

Ife ana ankatitulutsira kukhonde ndi mapaketi a tchipisi, poganiza kuti chitseko chimasunga mawu. Tinkamva zonse. Anthu amene Lolemba ankathandizana kutembenuza odwala, Lamlungu ankalozana zala Baibulo lili m'khwapa. Wina anati ubusa ndi magazi. Wina anati ndiye kuti atumwi onse anali akuba. Pamsonkhano wachinayi Bambo Chikuse anaimirira n'kunena kuti iwo sanabwere ku England kudzalimbirana mpando wa pulasitiki, ndipo anatuluka, anatidutsa ife pakhonde paja osatha kutiyang'ana.

Bwenzi zitathera pomwepo pakanapanda nsalu. Chaka cha m'mbuyo mwake, mpingo utakwanitsa zaka khumi, amayi anaitanitsa chitenje chawo ku Blantyre, chinabwera m'masutikesi a anthu. Chinali cha buluu wowala, chokhala ndi nkhope ziwiri, iliyonse m'kamzere kozungulira ndi dzina pansi pake: Abusa Mlauzi ndi Bambo Chikuse. Mayi aliyense anali nacho chake, ndipo ankachinyamula m'chikwama n'kudzachimanga pamwamba pa diresi akafika kuholo.

Mayi Busa anasonkhanitsa amayi onse. "Nsalu iyi sitingaitaye, pali nkhope ya malemu," anatero. "Koma inayo ayi. We can't wear confusion m'chiuno." Anatulutsa mpukutu wa zigamba zodinda nkhope ya a Juniya, zimene anakadinditsa kusitolo yolemba ma T-shirt. Aliyense asokerepo lisanafike tsiku lodzoza m'busa watsopano. "Amene sakufuna, Birmingham ili ndi matchalitchi ambiri."

Kwa mayi anga mawu amenewo anali olemera. Bambo anga anali adakali ku Kasungu kudikira mapepala. Mayi akakhala pa shifiti yaitali, amene ankanditenga kusukulu anali amayi a mumpingo. Ufa wa kumudzi, katundu wotumiza kwathu, ngakhale amene angakulire ukafera kuno, zonse zinali momwemo. Mayi wina amene anakana poyera anasiya kupatsidwa moni sabata yomweyo, ndipo pa tsiku lobadwa la mwana wake sikunapite munthu.

Lachiwiri mayi anaika nsalu yawo patebulo, zigamba zili pamwamba. Sanandiyang'ane.

"Tadala, mawa ndi mkuja ndili pa long day. Undisokere ichi. Manja angawa ang'ambika ndi sopo wa ku ward."

Ndinatsegula chitini cha mabisiketi. Nkhope ya Bambo Chikuse inkaoneka kawiri pansalu iliyonse, ndipo pachithunzipo ankamwetulira ngati munthu amene wakakamizidwa kuvala tayi. Ndinaona ngati akundiyang'ana, choncho ndinayamba kutseka cha kumaso. Ndinapinda m'mphepete mwa chigamba bwinobwino, n'kusoka misoko ing'onoing'ono yofanana, ulusi wa buluu woti sungauone usanayandikire. Mayi atapita nacho kumapemphero a amayi, anabwerako ndi zitenje zina zisanu. Amayi ena anasoka mokhotakhota, ena anangomata ndi simbi n'kumatuka, koma cha mwana wa amake Tadala chinali ngati chochokera kufakitale.

Ndinene zoona, chifukwa pamenepa ndi pamene pamandinyansa mpaka lero: ndinasangalala. Pofika nsalu yachitatu sindinkaonanso nkhope, ndinkangoona m'mphepete moti mupindidwe. Amayi ankandigwira tsaya, ankandibweretsera maswiti, ine n'kumayenda ngati telala wa m'tauni.

Lachisanu linali tsiku langa kusukulu. Ndinaumba dongo, n'kujambulapo kamzere kozungulira, n'kupala mkati mwake ndi msomali kuti anzanga aone. Ndinamunyoza Seti mpaka kukhosi kuyera. Ndinati anali wankhanza, wamantha, woopa dzina la munthu amene wamugonjetsa kale. Anzanga anaomba m'manja. Aphunzitsi anandifunsa funso loti kodi ndikuganiza kuti mfumuyo inakwera yokha makwerero itagwira tchizulo? Ndinati ayi, inatuma amisiri. Anafunsanso kuti nanga amisiriwo anavomereranji. Ndinati chifukwa anauzidwa. Anagwedeza mutu n'kuitana wotsatira.

Mukaganiza kuti pamenepo maso anga anatseguka, mwandilemekeza mopitirira. Loweruka ndinasoka zitenje zina zitatu. Zonse pamodzi zinakwana zisanu ndi zinayi.

Lamlungu la kudzozako holo inadzaza. Kunkanunkhira mafuta a nkhuku yokazinga ndi perefyumu, mabaluni ali pakhoma, amayi onse ali buluu yekhayekha, nkhope ya a Juniya ikuvina m'ziuno. Inenso anandimangirira kansalu kotsala. Nyimbo yoyamba isanathe, chitseko chinatseguka. Anali Bambo Chikuse, atavala jekete lawo la ku ntchito, m'manja muli makiyi a holo. Anangobwera kudzabweza makiyiwo.

Palibe anawapatsa moni. Anthu amene iwo anawanyamulira masutikesi, amene anawasainira mapepala a nyumba, onse anapeza choti awerenge m'mabuku a nyimbo. Bambo Chikuse anaika makiyi patebulo la pakhomo, n'kutembenuka kuti azipita. Ndi pamene anaona nsalu. Anayang'ana mayi woyamba, wachiwiri, mzere wonse, kenaka maso awo anafika pa ine, chifukwa ndinali pafupi. Anawerama pang'ono, n'kuyang'anitsitsa pamalo pamene panali nkhope yawo.

"Wasoka ndani izi?" anafunsa motsitsa.

Mayi wina wa kumbuyo kwanga, kaya mosaganiza kaya mwadala, anayankha mokweza. "Ndi Tadala ameneyo! Mwana ali ndi dzanja."

Bambo Chikuse anandiyang'ana. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

"Zoonadi ali ndi dzanja," anatero. "A Naphiri, singano zija zikugwira ntchito eti."

Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti asasokoneze nyimbo. Ndipo nyimboyo sinasokonezeke. Anthu anaimba mpaka kumapeto, a Juniya anagwada n'kudzozedwa, nthungululu zinalira, mbale zinayenda. Ine ndinakhala ndi ntchafu ya nkhuku pambale, mafuta ake akuuma. Ndinkayang'ana milomo yonona ikutafuna, ikutchula dzina la Mulungu, ikutafunanso. Sindinadziwe kuti anthu aakulu angakhale onyansa chotero, ndipo sindinadziwe kuti ndingakhale mmodzi wa iwo ndili ndi zaka khumi zokha.

Mubasi pobwerera ndinawatembenukira mayi. Ndikakwiya masiku amenewo ndinkalankhula Chingerezi.

"You made me do it!"

Mayi anayankha maso ali pawindo.

"Inde. Yangayi ndinakutuma ndine, ndipo tchimo limenelo ndi langa. Ndinaopa kutsala ndekha ndi mwana m'dziko la eni. Nanga zisanu ndi zitatu zija, unaopa chiyani?"

Sindinaope kanthu. Ndinangofuna kutamandidwa.

Bambo Chikuse anasamukira ku Wolverhampton. Sikutali, sitima imafikako usanamalize kuwerenga nyuzipepala, koma sitinapiteko ngakhale kamodzi. Poyamba anali manyazi, kenaka chizolowezi. Patapita zaka tinangomva kuti anabwerera ku Dedza ndipo anamwalirira komweko. Mpingo uja ulipobe, wadzaza ndi achinyamata amene abwera posachedwa kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Pachikondwerero amawerenga mbiri ya mpingo, kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, popanda kampata pakati, ndipo atsopanowo amaomba m'manja ndi mtima woyera. Dzina la Chikuse sanalimvepo. Akale amene amalidziwa amakhala kutsogolo n'kumavomera kuti ameni.

Chaka chatha ndikuthandiza mayi kulongedza katundu, ndinapeza chitenje chija pansi pa sutikesi. Chinali chitasuluka, Abusa Mlauzi atatuwa, nkhope ya a Juniya itasweka mizeremizere. Ndinatenga kasizasi m'chitini chomwe chija, chifukwa ndidakali nacho, n'kuyamba kusosola. Zinanditengera nthawi, paja ndinasoka zolimba. Chigamba chitachoka, Bambo Chikuse anali pomwepo, buluu wake wowala ngati wadzulo, tayi ili m'khosi, dzina lawo likuwerengeka chilembo chilichonse. Dzuwa ndi sopo sizinawakhudze. Chimene chinawakhudza chinali mzere wa timabowo ta singano, tofanana bwinobwino, tozungulira mutu wawo wonse.

Za Amenmesse sindidziwa mpaka lero ngati anali wolanda kapena wolandidwa, monganso sindidziwa ngati dzanja la Abusa Mlauzi linasanjikidwa kapena linangogwa. Za mipando ndinasiya kuweruza. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mfumu ikafuna kufafaniza munthu, payokha singathe. Imafuna wina wa dzanja labwino, amene angakonde ntchito yakeyo mpaka kuiwala chimene akutseka. Ndikaona chithunzi cha mwala wopalidwa uja sindimuganizanso Seti. Ndimaganiza za mmisiri amene anatsika pamakwerero, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone ngati wasalaza bwino.

Nsalu ya mayi ndinaisosola. Zisanu ndi zitatu zija zili m'masutikesi a anthu ena, ndipo mmene ndikudziwira dzanja langa, palibe chigamba chimene chinachoka chokha.