Madzi otuluka pansi pa chitseko cha akomadire

Mpaka lero fungo la chimanga choola limandidzutsira mseru. Ndikalimva ku chigayo ndimatuluka kukalavula, ndipo ana anga amandiseka kuti ndayamba za apakati pa ukalamba. Ndimangowasiya aseke. Fungolo ndinalidziwira m'nyumba ya akomadire anga, ndipo pa kuola kwa chimangacho inenso ndinali ndi mbali yanga.

Akomadirewo ndi amene anaimira mwana wanga woyamba pa ubatizo. Tinadziwana tili atsikana ku Malawi, kumene makolo athu anathawira nkhondo. Titabwerera kuno ku Chifunde n'kukwatiwa, tinapezeka tamanga moyang'anizana, pakati pathu pali kanjira ka njinga basi. Mchere tinkapemphana, moto tinkapalana, ndipo chimanga chawo cha chaka chimenecho ndinawathandiza ndine kutonola. Tinathira mankhwala a anankafumbwe, tinasoka matumba khumi ndi awiri, n'kuwasanja pabalaza motsamira khoma. Masiku ano nkhokwe ya panja ndi yoitanira akuba, aliyense amagona ndi chimanga chake m'nyumba.

Amuna awo anali munthu wosafuna kupemphedwa. Madzi a m'mapaipi atafika m'bairo mwathu, m'dera lomwe timakhalali, enafe tinkatunga pa mpopi wa tonse, kuima pamzere ndi zigubu dzuwa likutiwamba. Iwo anagula paipi yakuda yopyapyala, anaikumbira pansi kuchokera kumsewu, n'kuilowetsa kunsi kwa khoma mpaka pabalaza. Mpopi unali mkati, chotsekera chakenso mkati, kuti wina asadzamwe ngakhale dontho iwo osaona.

Bamboyo anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anakaikidwa kwawo, kutsidya kwa Cassacatiza, ndipo akomadire anayenera kukhala komweko mpaka mmeto. Tsiku lonyamuka, achimwene a malemu anakhoma nyumba ndi kadiyado, loko wobwera naye okha, mfungulo n'kuponya m'thumba. Palibe anadabwa. Kwathu katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka abale ake adzamuone pamodzi, ndipo wolowa m'nyumba yotero asanaloledwe amasenza mlandu wa chilichonse chimene chidzasowe, ngakhale chipande. Choipa kuposa apo, anthu amayamba kumunong'ona kuti akudziwapo kanthu pa imfayo.

Lolemba m'mawa ndikusesa, ndinaona mzere wa chinyezi ukuchokera pansi pa chitseko chawo. Pofika masana unali kamtsinje kotsika pakhonde n'kudutsa kanjira kathu kaja. Ndinaika khutu pachitseko ndipo ndinamva mkati muli tsiii, osalekeza. Paipi inali itaphulika.

Amuna anga anaimba telefoni. Ya akomadire inali yozima, koma achimwene a malemu anayankha.

"Chitseko chimenecho musachikhudze," anatero. "Tili pa maliro ife kuno. Tikamaliza tibwera."

"Nanga chimanga?" ndinakuwa ndili kumbuyo kwa amuna anga.

"Auzeni mayiwo kuti m'menemo muli katundu wa malemu."

Anadula. Woyang'anira thanki ya madzi anali atapita ku Tete. Asekeretaliyo, mkulu woyang'anira bairo lathu, anabwera, anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, n'kunena kuti popanda eni ake iwo sangalamule kanthu. Atatero anawerama, anasamba kumaso ndi madzi omwewo poti kunali kotentha, n'kumapita.

Lachiwiri wina anakumba kadzenje m'munsi mwa khonde kuti madzi azisonkhana, ndipo ana asanapite n'komwe kusukulu panali kale ndowa mbwee. Madzi aulere, apakhomo pomwe, opanda mzere wa ku mpopi. Amayi omwe masiku ochepa apitawo ankadzigwetsa pakhonde lomwelo polira maliro, tsopano ankalimbirana chikho. Wina anabwera ndi mabulangete a banja lonse. Mayi amene amatsogolera mapemphero ku mphakati wathu anachapa pomwepo nsalu yake ya kutchalitchi, akung'ung'udza nyimbo.

Ndikanakonda kulemba kuti ine ndinaima patali ndikupukusa mutu. Ndinatunga. Lachiwiri ndinadzaza zigubu, Lachitatu ndinadzaza mgolo, ndikudziuza kuti madziwo akungotayika, bola amwe anthu. Ndinkadziwa bwinobwino kuti asanafike mu ndowa yanga ankayamba adutsa pansi pa matumba amene ndinasoka ndi manja anga. Ndinaphikira madziwo, ndinasambitsira adzukulu, ndipo panalibe chondilasa mumtima chopitirira nthawi yosenza ndowa kuwoloka kanjira.

Lachinayi madziwo anasintha. Anayera mbuu, n'kumanunkha chowawasa ngati matsukwa a mphale yoiwalika. Akumwa anasiya, koma ochapa sanasiye. Bambo wina wa kuseri kwathu, woumba njerwa, analambula ngalande kuchokera pakhonde la akomadire mpaka pa nkhuti yake. Kwa iye chaka chinali chitamukomera: chilimwe chonse ankagula madzi a pa ngolo, tsopano matope ankadziponda okha. Nkhumba za m'bairo nazo zinamva, zinabwera kudzagona m'ngalandemo, kusakaniza matope ndi ndowe zawo.

Tsiku limenelo ndi limene ndinatsegula pakamwa.

"Anthuni, paipi imeneyi imadutsa panja, pakati pa msewu ndi khoma. Tiyeni tikumbe, tiidule, tiipinde, timange ndi mphira. Chitseko sitichikhudza."

Woumba njerwa anaimika khasu.

"Epa, mayi. Paipiyo anagula ndani? Si malemu? Ndiye ndi katundu wa malemu. Mukaidula mukayankha nokha."

"Nanga madzi mukuumbira njerwawa si a malemu?"

"Madzi atuluka okha. Ife sitinalowe m'nyumba."

Amayi anaseka, ena n'kuomba m'manja. Mwambo umene makolo anauika kuti wamasiye asaberedwe, iwo anautambasula mpaka unakuta paipi ya panja, koma pa madzi unafupika. Ndinanyansidwa nawo. Komabe ndinabwerera kunyumba. Amuna anga anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndisaiwale kuti ndine amene ndinkapita ndi phala kwa malemuyo akudwala masiku ake omaliza, ndipo pakamwa pa anthu sipachedwa kulumikiza zinthu. Ndinachita mantha. Lachisanu lonse ndinatseka zenera loyang'ana kwa akomadire, ndikusoka chigamba chimene sichinkafunika kusokedwa.

Loweruka m'mawa fungo linali litalowa mpaka m'phala. Ndinatuluka ndi mbale kuti ndikatayire nkhuku, ndipo ndinaona khoswe wakufa, wotupa, wosupuka ubweya, akutuluka pansi pa chitseko chija. Anatsika ndi madzi mpaka m'kadzenje. Mayi amene ankatunga anamuchotsa ndi kamtengo, anamuponyera uko, n'kupitiriza kutunga ndi chikho chomwecho.

Ndinasanza pomwepo, anthu akuona. Nditapukuta pakamwa ndinakatenga khasu ndi chikwanje.

Ndinalunjika kunyumba kwa akomadire. Ndinakumba m'mbali mwa khoma, ndipo paipi ndinaipeza pafupi, mosapitirira chigongono. Ndinaidula, madzi anandithira kumaso, ndinapinda mbali yochokera kumsewu n'kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ntchito yonseyo inatha msanga kuposa kuphika nkhwani. Chimenechi ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndikakumbuka: masiku asanu ndi limodzi, bairo lathunthu, amuna a ndevu zawo, pa ntchito ya mphira umodzi.

"Mwaonatu nonse," anatero woumba njerwa, akuloza ine. "Ine mulibemo."

"Muonenso ichi," ndinatero.

Ndinatenga nkhwangwa n'kumenya kadiyado uja ndi kumsana kwake. Kachitatu anathyoka.

Chitseko chinali chitatupa, ndinachita kuchikankha ndi phewa. Madzi otsala anatuluka n'kundikwera m'akakolo, ofunda, oterera. Mpweya wa m'katimo unandimenya kumaso, wotentha ndi wonunkha guu, moti misozi inatuluka yokha. Ntchentche zobiriwira zinali pakhoma ponse. Dengu la nsomba zouma limene linali pansi linasanduka phala la mphutsi, zikuyenda yakaliyakali mpaka pa mphasa. Paipi inali itang'ambika pakona, pamene imatulukira pansi, mwina khoswe anaiteketa, ndipo masiku onsewa inkapopera madzi pa matumba penipeni.

Matumba a pansi anali akuda, atatupa mpaka kuphulika misoko. Nditagwira limodzi, dzanja linalowa ngati m'dzungu loola, ndipo chimene chinatuluka sichinalinso chimanga. A pakati anali atamera. Mizu yoyera inaboola masaka n'kulukana, thumba kugwirana ndi linzake, ndipo kumbali ya kuzenera kunali timasamba totumbululuka tofunafuna kuwala. Mbewa zinali zitaswera pamwamba. Mphemvu zinandikwera m'miyendo mpaka m'chitenje.

Ndinayamba kukoka ndekha. Anthu anaima pakanjira atagwira mphuno, ena akulavula, ngati kuti fungolo ndabwera nalo ndine. Patapita nthawi amuna anga analowa atamanga malaya kumphuno, n'kugwira mbali ina ya thumba. Tinatulutsa onse. Atatu okha a pamwamba ndi amene anali abwinoko. Omera aja tinawang'amba n'kuyanika pa mphasa ndi pa matenti, oolawo tinakawakwirira kudzala, nkhumba zikutitsata. Ndinasamba katatu tsiku limenelo, koma fungo linakhala m'zikhadabo mpaka Lamulungu la sabata inayo.

Akomadire anabwera patapita masiku anayi, atametedwa mpala, atavala zakuda, ataonda. Achimwene a malemu anabwera nawo. Za kadiyado anakalipa ndithu, anatchula za kwa mfumu, koma atasuzumira m'nyumba n'kumva fungo, mawu anachepa. Anatenga njinga, wailesi ndi malata otsala, n'kunena kuti chimanga ndi cha mlamu wawo, iwo sachikhudza. Anakwera njinga yamoto dzuwa lisanapendeke.

Anthu a m'bairo anabwera kudzapepesa, mmodzimmodzi, nkhope zogwa. Mayi wa mapemphero uja anapemphera nthawi yaitali. Woumba njerwa anati zinthu za paipizi n'zosadalirika, makolo athu ankadziwa pokumba zitsime. Njerwa zake zinali zikuuma kuseri, mizere yaitali yooneka bwino. Ndinalakalaka kumulavulira.

Onse atapita tinatsala awiri pabwalo, pamene chimanga chomera chija chinali chikadali pa mphasa. Akomadire anakhala pansi atatambasula miyendo, n'kumachipalasa ndi dzanja. Matumba atatu, kwa mayi wa ana anayi otsala pakhomo, sakanafika nawo ngakhale pa Khirisimasi. Tonse tinkadziwa zimenezo.

"Akomadire," anatero, "ndamva kuti ndinu munathyola chitseko. Mwandichitira za ubale."

Ndinati si kanthu.

"Madziwa anayamba liti kutuluka?"

Funso linali lachidule, analifunsa osandiyang'ana. Ndikanatha kunena kuti Lolemba. Ndikanatha kuwauza za kadzenje, za mabulangete, za mgolo wanga. Pakamwa panga panatuluka china.

"Tinaona Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa ndinathyola."

Akomadire anatola njere imodzi pa mphasa. Inali ndi muzu wouma wotalika ngati chala changa chapakati, ndi kamsonga ka tsamba kopiringizika. Anaiika pachikhatho, anaitembenuza ndi chala chachikulu, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Mayi ameneyu wabzala chimanga chaka chilichonse chibwerere ku Malawi. Amadziwa tsiku limene njere imatupa, tsiku limene imaswa muzu, ndi tsiku limene imatulutsa tsamba.

"Lachisanu," anatero.

"Eya."

"Ndiye munachita changu, akomadire. Mulungu akudalitseni."

Anaibweza njereyo pa mphasa mosamala, pamalo pomwe anaitola. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko ine ndikadali pabwalo.

Sitinakangane. Timapatsanabe moni, kutchalitchi timakhala benchi limodzi. Mu Januwale wotsatirayo njala itawapana, anayenda ganyu m'minda ya anthu ambiri, ngakhale kwa woumba njerwa anakapalirako kuti apeze ufa wa ana. Ine ndinawatumizira lichero lodzaza chimanga chabwino, choyera, chosankha. Linabwerera madzulo omwewo lili lodzaza, ndi mawu akuti azikomo, koma akadali nacho.