Mpango Wofiira wa Kumipeni

Unali mpango wofiira wa madontho oyera, wonunkhabe sitolo ya pa Namitete. Sunali wanga. Unali wa mtsikana amene ndinkakhala naye benchi imodzi kusukulu m'nyengo yogulitsa fodya, m'zaka za m'ma 1950, ine mutu uli pamtunda, mphepo ya Juni ikundiluma makutu.

Makolo ake anali matenanti ochokera kumwera, okhala m'tinyumba ta mzere kuseri kwa zigafa za esiteti. Kwathu panalibe wonena kuti "kuesiteti". Tinkati Kumipeni. Amene anayambitsa dzinali sindimudziwa, ndipo mpeni umene ndinauona kumeneko ndi maso anga unali wosendera mbatata. Koma dzina linagwira ntchito yake. Amuna akamenyana pamowa kwathu, kunali "kusamvana pachibale". Akamenyana kumeneko, zinali "zaupandu".

Ndinkamuchitira nsanje pa zonse: mpangowo, masamu amene ankatsiriza ine ndikupukutabe sileti, ngakhale dzina loopsalo, poti anyamata otivuta panjira ankamupatukira iye yekha. Nditadandaula kunyumba, mayi anati, "Usasirire, mwanangu. Wa Kumipeni n'kugula mpango? Anachita kuba umenewo." Ndinagona bwino tsiku limenelo.

Kenako khasu la m'munda wa sukulu linasowa. Makolo anasonkhana pabwalo, amalume anga ali patsogolo, mfundo ili imodzi: ana a Kumipeni achoke. Aphunzitsi anafunsa kuti ndani anawaona akutenga khasulo. Panalibe. "Eti aphunzitsi, mukufuna mboni pa anthu odziwika kale?" anatero amalume. Aphunzitsi ankadya chimanga cha makolo omwewo, ndipo anagonja. Mtsikana uja anatola sileti yake, n'kumanga mpango bwinobwino, n'kutuluka osatiyang'ana.

Mwezi usanathe khasu linapezeka m'dimba la amalume, mpini uli ndi chizindikiro cha sukulu chootcha ndi moto. Mayi anati, "Amalume ako anangobwereka, anaiwala kubweza." Mudzi wonse unavomera. Palibe amene anapita kukaitana ana aja. Mpaka lero ndikamva dera likutchedwa loopsa, ndimayamba ndafunsa kuti analitcha ndani, ndipo iye kwawo zoterezo amazitcha chiyani.

Koma nthawi imeneyo funso langa linali lina. Ndinakhala woyamba pa masamu, mtima osakhazikika. Ndinkavutitsa mayi kuti poti mpango uja unali wobedwa, mwini wake weniweni adzaulondola liti, ndipo akapanda kupezeka, kodi sangandipatse ine?