Mlongo Wanga Amulanda Desiki Chifukwa cha Kawindo Kakuda

Lachiwiri pa 11 Malichi, mlongo wanga anachotsedwa pa desiki yake ya kusukulu n'kukaikidwa m'chipinda chosungiramo choko ndi matsache. Tsikuli ndalilemba m'kope langa, pansi pa zina zimene sukuluyi inatichitapo.

Mlongo wangayu wakhala kalaliki pasukulupo zaka makumi awiri ndi zitatu. Mwamuna atamwalira, ana anayi anawalera ndi zala zake. Kompyuta yoyamba itafika, aphunzitsi ankaizungulira ngati njoka, koma iye anakoka mpando n'kukhala nayo. Mausi sagwira. Amatsegula kawindo kakuda kopanda chithunzi n'chimodzi chomwe, n'kulemba zimene akufuna kuti makinawo achite. Basi anamutcha Mayi Mdima. Chaka chilichonse pamakhala zithunzi za ana olemba mayeso mazana asanu, ndipo chilichonse chimafunika nambala ya mwini wake. Iye amalemba mizere itatu n'kupita kukatereka tiyi. Pobwera, ntchito yatha.

Chaka chino kunabwera wachiwiri kwa ahedi, bambo wa tayi, amene amayesa kuti chimene iye sachimvetsa n'chowononga.

"Mayi Mdima, zolembalembazi n'zachikale. Anzanu amangodina."

"Dinani, bwana, kamodzikamodzi mpaka mazana asanu. Mukamamaliza mundipeza ndili ndi zidzukulutudzi."

Aphunzitsi anaseka. Bamboyo anasunga kukhosi.

Lolemba anakhala pa mpando wa mlongo wanga kuti amuonetse njira yamakono. Anagwira foda ya zithunzi ija ndi mausi kuti aikokere pakona. Chala chinaterereka, foda n'kugwera m'kati mwa foda ina, osaonekanso. Kodi anaulula? Anadzuka, n'kukonza tayi, n'kulengeza kuti kawindo kakuda kadya zithunzi za ana.

"Ndiloleni ndilembe mzere umodzi, zipezeka pompano," anatero mlongo wanga.

"Makinawa musawakhudzenso."

M'mawa mwake anamupatsa matsache aja, pamodzi ndi kalata yoti Lachisanu komiti ikambirana zomuchotsa ntchito.

Ataweruka, mlongo wanga anadzera kwanga. Anakhala pa mpando wa pakhonde, chikwama chili pamiyendo.

"Achimwene, zithunzizo zilimo. Ndinachiona chalacho chikuterereka. Koma ndikanena, ati gogo akudana ndi zamakono."

"Nanga aphunzitsi osekawo ali kuti?"

"Akuseka kwina tsopano."

Ine ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Mwana akanena kuti yankho ali nalo, sindinkamulanda choko. Ndinkamuitanira pa bolodi. Pano munthu akuti amupatse mphindi imodzi, inu akuluakulu a sukulu mwamutsekera ndi matsache. Mausi sindidana nayo, wofuna kudina azidina. Chimene ndikukana n'choti chala cha wina chiterereke, wogwa akhale mlongo wanga.

Tsono ahedi, ndikufunsa inu. Lisanafike Lachisanu, kodi mumulola akhale pa makinawo, aphunzitsi onse akuona, alembe mzere wake umodziwo? Inde kapena ayi. Mundiyankhe polemba, musaine ndi dzanja lanu.